ZA PANYUMBA PATHU: Masamu atatu a magetsi oteteza banja



Ife okhala ku Shimabala, m'mbali mwa msewu waukulu wochokera ku Lusaka kupita ku Kafue, tidayandikana ndi gwero la magetsi a dziko lino kupambana anzathu ambiri. Kumunsi kwa tauni ya Kafue, kumene mtsinje umapanikizika pakati pa mapiri, kuli nyumba ziwiri za makina opangira magetsi. Yoyamba, ya Kafue Gorge Upper, idayamba kugwira ntchito kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, ndipo mphamvu zake zimafika ma-megawatt 990. Yachiwiri, ya Kafue Gorge Lower, idamalizidwa mu 2023, ndipo imafika ma-megawatt 750. Komabe chilala cha 2024 chidatiphunzitsa kuti kuyandikana ndi nkhokwe sindiko kukhuta. Pa 29 February chaka chimenecho Mtsogoleri wa dziko lino, a Hakainde Hichilema, adalengeza kuti dziko lagwa m'ngozi ya chilala. Madzi adachepa ku Kariba ndi ku Itezhi-Tezhi, ndipo miyezi ina mabanja ambiri ankaona magetsi maola atatu okha pa tsiku, kawirikawiri pakati pa usiku.

Nthawi yowawayo idasintha machitidwe athu a panyumba. Magetsi akangobwera, simbi, ketulo ndi sitovu zinkalumikizidwa zonse pamodzi pa nthambo imodzi, pothamangitsana ndi nthawi. Mabanja amene adali ndi kangachepe adagula mabatire, masola ndi majenereta, ambiri osafunsa kuti chinthucho chingathe kusenza katundu wotani. Zizolowezi zimenezi zidakali nafe. Tsono mwezi uno tikambirane masamu atatu aang'onoang'ono, oti mwana wa giredi 7 angathe kuwachita pa chikuto cha kope lake. Wina angafunse kuti, kodi nkhani ya mawaya ikufuna chiyani m'magazini ya Eklezia? Yankho lili m'katekisimu. Lamulo lachisanu la Mulungu limatiuza kusamala moyo wathu ndi wa anzathu, ndipo mphwayi imene imatenthetsa nyumba ana ali m'tulo siili kunja kwa lamulo limenelo.

Maina anayi

Tembenuzani ketulo kapena simbi yanu, mupeza kachikwangwani kolembedwa manambala ndi zilembo, monga 230 V ndi 2000 W. Pa pulagi mupeza 13 A. Zilembo zimenezi ndi chiyambi cha maina a anthu. V ndi volt, kuchokera kwa Alessandro Volta wa ku Italy, amene adapanga batire loyamba mu 1800. A ndi amp, kuchokera kwa André-Marie Ampère wa ku France. W ndi watt, kuchokera kwa James Watt wa ku Scotland, katswiri wa makina oyendera nthunzi. Dzina lachinayi sililembedwa kawirikawiri pa zipangizo, koma ndilo mwini nkhani: ohm, kuchokera kwa Georg Ohm, mphunzitsi wa sukulu mumzinda wa Cologne ku Germany, amene mu 1827 adasindikiza lamulo lomanga zinthu zimenezi pamodzi.

A bungwe la St Vincent de Paul m'maparishi mwathu angakondwe kudziwa ichi. Ampère adali Mkatolika wopemphera, ndipo mu 1831 adalandira m'nyumba mwake mumzinda wa Paris mnyamata wa sukulu dzina lake Frédéric Ozanam. Mnyamatayo ndiye adayambitsa bungwe lanu pamodzi ndi anzake mu 1833, ndipo Papa John Paul II adamutchula Wodala mu 1997. Motero tikamawerenga ma-amp tisaganize kuti talowa m'munda wa eni. Nzeru zofufuza chilengedwe ndi chikhulupiriro zidagonapo kale pansi pa denga limodzi.

Nanga maina anayiwa amayeza chiyani? Tiyeni tiyang'ane ku Kafue Gorge komweko. Madzi amene amazunguza makina a kumtunda amatsika pafupifupi mamita 400 asanafike pa makinawo. Kutalika kwa phompholo ndiko kumapatsa madzi mphamvu yokankha. Imeneyo ndiyo volt: kukankha kwa magetsi. Kuchuluka kwa madzi odutsa pa kamphindi kalikonse ndiko amp: kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya. Kuthina kwa mpopi umene madzi akudutsamo ndiko ohm: kukaniza kwa njira. Ndipo ntchito imene yagwiridwa, madzi ochuluka chakuti atatsika phompho lotalika chakuti, ndiyo watt. Mu 2024 mapiri sadafupike, phompho lidali lomwelo. Chidachepa ndi madzi, ndipo ntchito idachepa nawo.

M'nyumba zathu a ZESCO amatipatsa ma-volt 230. Nambala imeneyi sitisankha ife. Chimene timasankha ndi zipangizo zimene timalumikiza, ndipo chipangizo chilichonse chimakoka ma-amp akeake.

Masamu oyamba: ma-watt ndi ma-amp

Ma-watt timawapeza pochulukitsa ma-volt ndi ma-amp. Potembenuza, ma-amp timawapeza pogawa ma-watt ndi ma-volt. Ana a sukulu amalemba P = V × I, koma ife tingogwira mawuwo.

Ketulo ya ma-watt 2,000: tigawe 2,000 ndi 230, tipeza ma-amp 8.7. Simbi ya ma-watt 1,200: tigawe 1,200 ndi 230, tipeza ma-amp 5.2. Sitovu yaing'ono ya mbale ziwiri, ya ma-watt 2,000, mbale zonse zitayatsidwa: ma-amp 8.7. Babu lakale la ma-watt 60 limakoka 0.26 yokha, ndipo babu lamakono la LED la ma-watt 9 limakoka 0.04.

Tsono onani. Pulagi ya mano atatu imene timagwiritsa ntchito kuno idapangidwira ma-amp 13, osapitirira. Tichulukitse 13 ndi 230, tipeza 2,990, titi ma-watt 3,000. Amenewo ndiwo malire a soketi imodzi, ndiponso malire a nthambo yowonjezera ija ya mabowo anayi kapena asanu, ngati ili yabwino. Mabowo asanu sakutanthauza kuti mphamvu yachuluka kasanu. Onse amamwa pa pulagi imodzi yomweyo. Tikalumikiza ketulo, simbi ndi sitovu pa nthambo imodzi, 8.7 kuphatikiza 5.2 kuphatikiza 8.7 ikutipatsa ma-amp 22.6, pa njira ya ma-amp 13. Ndiye ngati kukweza matumba makumi awiri a chimanga pa ngolo ya matumba khumi. Ng'ombe zimayenda ndithu kwa kanthawi, koma ekiselo ikulira.

Lamulo la panyumba likhale ili: chipangizo chilichonse chotenthetsa, kaya ketulo, simbi, sitovu kapena hita ya m'nyengo yozizira, chikhale ndi soketi yakeyake ya pakhoma. Nthambo yowonjezera isiyireni wailesi, TV, mafoni ndi nyali. Zonsezi pamodzi sizifika ngakhale theka la ketulo imodzi.

Masamu achiwiri: ma-ohm

Ma-ohm timawapeza pogawa ma-volt ndi ma-amp. Potembenuza, ma-amp timawapeza pogawa ma-volt ndi ma-ohm. Limeneli ndilo lamulo la Ohm.

Ketulo ija: 230 kugawa ndi 8.7 ikupereka ma-ohm pafupifupi 26. Babu lakale lija, likayaka: 230 kugawa ndi 0.26 ikupereka ma-ohm pafupifupi 880. Apa pali chodabwitsa. Chipangizo chokhala ndi ma-ohm ochepa ndicho chimakoka magetsi ambiri, pakuti njira yake ndi yotakasuka. Nanga mawaya awiri a nthambo akakhudzana okha, chifukwa khoswe watafuna chikopa chake kapena chitseko chaipana? Njira yatsala yopanda chokaniza. Tiyerekeze kuti yatsala ohm imodzi: 230 kugawa ndi 1 ndi ma-amp 230. Ndiko kuthetheka kuja ndi kuphulika kumene timati shoti.

Lamulo lomweli limagwira pa thupi la munthu, ndipo pano makolo titchere khutu. Khungu louma limakaniza magetsi kwambiri, mwina mpaka ma-ohm 100,000. Khungu lonyowa, kapena la thukuta, limatsika kufika pafupi ndi ma-ohm 1,000. Tigawe 230 ndi 1,000, tipeza 0.23 ya amp imodzi. Nambalayi ikuoneka yaing'ono, yochepa kuposa ya babu lakale. Koma akatswiri amaika malire a ngozi pa 0.03, ndipo n'chifukwa chake switchi yoteteza anthu imene imaikidwa m'bokosi la magetsi m'nyumba zomangidwa bwino imadula yokha ikaona 0.03 ikutayikira pansi. Tsono 0.23 ikuposa malirewo pafupifupi kasanu n'katatu. Magetsi otere amakunga minofu ya dzanja kotero kuti munthu amalephera kutaya chimene wagwira, ndipo amasokoneza kugunda kwa mtima. Ngakhale manja ouma sali chitetezo chodalirika, chifukwa ma-volt 230 amatha kuboola khungu.

Motero mwana wochoka kosamba asagwire switchi. Mayi wochapa asazule pulagi manja ali chonyowa, mapazi ali pa simenti yopanda nsapato. Waya wotenthetsera madzi, uja timamiza m'chidebe, azimitsidwe ndi kuzulidwa pakhoma munthu asanapime madzi ndi chala. Ndipo chingwe choyanikira zovala chisakhale cha waya womangidwa ku malata a nyumba imene nthambo ya magetsi yadutsa.

Masamu achitatu: kutentha kwa waya

Masamu achitatu amabadwa mwa awiri oyambawo. Waya aliyense ali ndi ma-ohm ake pang'ono, ndipo pamene tapotokola mawaya awiri n'kukulunga ndi pulasitiki, kapena pamene sikuluwu ya m'pulagi yakhwepa, ma-ohm amachuluka. Tiyerekeze kuti mfundo yotere ili ndi theka la ohm, 0.5.

Pakadutsa ma-amp 10, ma-volt otayika pa mfundopo ndi 10 kuchulukitsa ndi 0.5, ndiwo 5. Ma-watt ake ndi 5 kuchulukitsa ndi 10, ndiwo 50. Pakadutsa ma-amp 20, ma-volt otayika ndi 10, ndipo ma-watt ndi 10 kuchulukitsa ndi 20, ndiwo 200. Taonani: ma-amp awirikiza kawiri, koma kutentha kwawirikiza kanayi. Akadawirikiza katatu, kutentha kukadawirikiza kasanu n'kanayi. Amene adagwirapo babu lakale la ma-watt 60 likuyaka akudziwa m'mene limaotchera. Tsono ganizani moto wa mababu atatu otere utaunjikana pa kamfundo kochepa ngati njere ya nyemba, kuseri kwa mpando, pafupi ndi katani.

Pachifukwa chimenechi samalani ndi nthambo zotsika mtengo za pamsika. Kunja chikopa chake n'chonenepa ndi chowala, koma mukachisenda mupeza timawaya towerengeka, toonda ngati tsitsi. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Waya woonda ali ndi ma-ohm ambiri, waya wautali alinso ndi ma-ohm ambiri, ndipo woonda ndi wautali pamodzi ndiye woipitsitsa. Chizindikiro chake n'chosavuta: pulagi kapena nthambo ikamafunda pogwira, soketi ikayamba kuda m'mabowo, kapena mukamva fungo la pulasitiki wopserera, zimitsani pomwepo. Musadikire mawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Masamu omwewa akutiuza chifukwa chake nthambo zikuluzikulu zochokera ku Kafue Gorge zimanyamula ma-volt 330,000. Ma-megawatt 990 ndi ma-watt 990,000,000. Tikawagawa ndi 230 tipeza ma-amp opitirira 4,000,000, oti palibe waya pa dziko lapansi angawapirire. Tikawagawa ndi 330,000, mwa kuwerengera kwachidule, tipeza 3,000 okha, ogawidwa pa mawaya angapo. Ma-volt akakwera, ma-amp amatsika, ndipo magetsi amafika ku Lusaka ndi ku Copperbelt osathera m'njira. Mathiransifoma ndiwo amawatsitsa pang'onopang'ono mpaka 230 ya m'nyumba mwathu. Anyamata athu adziwe kuti ma-volt ochuluka chotero amatha kulumpha mumpweya munthu asanakhudze waya. Pa nsanja za chitsulo zija si pokwera kukatenga mbalame, ndipo pansi pake si pomanga nyumba kapena kuotcha tchire.

Fyuzi si mdani

M'kati mwa pulagi ya mano atatu muli kabotolo kakang'ono kotchedwa fyuzi. M'menemo muli kawaya koonda mwadala, kopangidwa kuti kasungunuke ma-amp akapitirira muyeso wake. Fyuzi ya ma-amp 3 ndi ya zipangizo zosapitirira ma-watt 700, popeza 3 kuchulukitsa ndi 230 ndi 690: wailesi, nyali, TV zambiri. Ya ma-amp 13 ndi ya ketulo, simbi ndi zina zotenthetsa.

Fyuzi ikapsa timakwiya nayo, chonsecho yagwira ntchito yake. Yapsa kuti nyumba isapse. Chimene ambiri timachita pamenepo n'choopsa: kukulunga fyuzi yakufayo ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, kuikamo msomali, kapena kuchotsa pulagi yonse n'kulowetsa mawaya osavala m'soketi powapana ndi timitengo ta machesi. Msomali sungasungunuke pa ma-amp 13, ngakhale pa 50. Tsono chimasungunuka ndi chikopa cha nthambo, ndipo pambuyo pake katani ndi denga. Chimodzimodzinso switchi ya m'bokosi ikamagwa yokha mobwerezabwereza. Ikukuuzani kuti pali katundu wopitirira kapena waya wovulala. Osaimanga ndi mphira kuti ileke kugwa. Itanani munthu wophunzira ntchito ya magetsi, wokhala ndi mapepala ake. Safunsa adadya phula.

Mayuniti athera kuti?

Funso limeneli layambanitsa mabanja ambiri pa 20 mwezi. Bambo amaloza ana ndi TV yawo, mayi amaloza bambo ndi mafoni awo. Masamu angaweruze mlanduwu popanda kukondera. Yuniti imodzi ndi ma-watt 1,000 ogwiritsidwa ntchito kwa ola limodzi. Chulukitsani ma-watt ndi maola, mugawe ndi 1,000, mwapeza mayuniti.

Chaja ya foni ya ma-watt 10 kwa maola awiri ndi 20, kutanthauza kuti pafunika masiku 50 kuti ithe yuniti imodzi. TV ya ma-watt 60 kwa maola asanu ndi 300, mayuniti 9 pa mwezi. Mbale imodzi ya sitovu ya ma-watt 1,000 yophika nyemba maola atatu pa moto waukulu yadya mayuniti atatu tsiku limodzi. Giza ya ma-watt 3,000 yotenthetsa madzi maola awiri pa tsiku imadya mayuniti 6, ndiwo 180 pa mwezi. Mwaona tsono kuti wakuba si foni. Chilichonse chotenthetsa ndicho chimadya. Kuviika nyemba m'madzi usiku, kuvundikira mphika, kuwiritsa madzi okhawo amene tikufuna, ndi kusita zovala za sabata yonse nthawi imodzi, ndiko kupulumutsa kwenikweni.

Mababu nawo ali ndi mbali yake. Asanu akale a ma-watt 60, maola asanu usiku uliwonse, ndi 1,500, yuniti imodzi ndi theka, mayuniti 45 pa mwezi. Asanu a LED a ma-watt 9, maola omwewo, ndi 225, mayuniti pafupifupi 7 pa mwezi. Kusiyana kwake ndi mayuniti 38 mwezi ndi mwezi. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Pano tinenenso mawu amodzi ovuta. Mayuniti akamatha msanga, pamabwera mayesero olumphitsa mita kapena kukoka nthambo mobisa kuchokera kwa mnansi, yokwiriridwa m'dothi kapena yopachikidwa pa mpanda. Lamulo lachisanu n'chiwiri silisiyanitsa kuba nkhuku ndi kuba magetsi. Koma onaninso zimene masamu atiuza: nthambo yotere imakhala yaitali, yoonda, yodzaza mfundo, ndipo mvula ikagwa dothi lonyowa limakhala njira ya magetsi. Amene amaponda pamenepo opanda nsapato si bambo amene adakoka nthamboyo. Ndi mwana wotumidwa kukatunga madzi.

Batire ndi sola

Ambuye athu, m'mutu 14 wa Mthenga Wabwino wa Luka Woyera, amayamikira munthu amene amayamba wakhala pansi n'kuwerengera asanamange nsanja. Komiti ya tchalitchi imene ikusonkhetsa ndalama za sola ichite chimodzimodzi isanatume munthu ku Lusaka.

Pa batire pamalembedwa manambala awiri, monga 12 V ndi 100 Ah. Yachiwiriyo ikutanthauza ma-amp ochulukitsidwa ndi maola. Tichulukitse 12 ndi 100, tipeza 1,200: ma-watt 1,200 kwa ola limodzi, kapena 120 kwa maola khumi. Batire lalikulu lolemera lija, loti munthu mmodzi amavutika kulinyamula, likusunga yuniti imodzi ndi kachidutswa basi. Ndipo ngati ndi la mtovu ndi asidi, tiyenera kumwako theka lokha, 600, pakuti kuliumitsa kotheratu kawirikawiri kumalipha msanga. Mabatire a lithium amalola kumwako zambiri, koma mtengo wake ndi wokwera.

Tiyerekeze tchalitchi cha kunthambi chili ndi zokuzira mawu za ma-watt 100, kiyibodi ya kwaya ya ma-watt 20, ndi mababu asanu n'limodzi a ma-watt 9, amene ndi 54. Zonse pamodzi ndi 174. Tigawe 600 ndi 174, tipeza maola atatu ndi pang'ono. Inverter, chipangizo chosandutsa ma-volt 12 kukhala 230, nayo imadyako gawo lake, choncho titi maola atatu. Misa ya Lamulungu ikwana bwino. Mwambo wa usiku wa Pasaka, ndi mawerengo ake ndi maubatizo, ufika kumapeto movutikira. Komiti ikadziwa zimenezi isanagule, ingasankhe batire lachiwiri, kapena kuchepetsa katundu.

Nanga sola yodzazira batirelo? Sola ya ma-watt 100 imapereka mphamvu yake yonse dzuwa likakhala pamutu pokha. Kuno tingawerengere maola ngati asanu a dzuwa lamphamvu pa tsiku, ndiwo 500, ndipo tikachotsa zotayika m'njira patsala ngati 400. Kubwezeretsa 600 kufuna tsiku limodzi ndi theka. Kwa tchalitchi chopemphera kamodzi kapena kawiri pa sabata n'zokwanira. Kwa banja lofuna 600 usiku uliwonse n'zosakwanira: pafunika ma-watt 200, ndipo fumbi la pamsewu lizipukutidwa pa galasi lake.

Pali msampha wina umene wagwira ambiri. Timaganiza kuti ma-volt 12 ndi ochepa, tsono kawaya kalikonse kangachite. Masamu oyamba akukana. Ma-watt 174 pa ma-volt 230 ndi 0.76 ya amp, koma pa ma-volt 12 ndi ma-amp 14.5. Ma-volt akatsika, ma-amp amakwera. N'chifukwa chake mawaya a pakati pa batire ndi inverter ayenera kukhala onenepa, aafupi, omangidwa zolimba, ndiponso okhala ndi fyuzi yawo pafupi ndi batire. Ndipo wina akati awiritse tiyi pa batire? Ma-watt 2,000 kugawa ndi 12 ndi ma-amp 167, ndipo 600 ija itha m'mphindi 18. Sola yaing'ono ndi ya kuwala, mafoni, wailesi ndi homuweki ya ana. Si yophikira.

Amene ali ndi jenereta akumbukire ziwiri. Isalire m'nyumba kapena m'khonde lotsekedwa, pakuti utsi wake uli ndi mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo, monga umachitira wa mbaula ya makala m'chipinda chotseka. Ndipo isalumikizidwe ku soketi ya pakhoma popanda switchi yosiyanitsa nyumba ndi nthambo za ZESCO, chifukwa magetsi ake amabwerera ku mtengo wa kunja, kumene wantchito angakhale atakwera pokhulupirira kuti nthambo n'zozima.

Ngozi ikachitika

Magetsi akazima, chinthu choyamba ndi kuzimitsa sitovu, simbi ndi hita pakhoma, tisanayambe kufunafuna kandulo. Magetsi amabwerera osagogoda, mwina tili m'tulo, mwina tili ku Misa, ndipo simbi yosiyidwa pa bulangete siidziwa kuti mwini wake wachoka. Mababu akamayaka mofooka, kutanthauza kuti ma-volt atsika, zulani filiji ndi pampu ya madzi, popeza injini zake zimakoka ma-amp ochuluka pofuna kugwira ntchito yomweyo, n'kupsa.

Munthu akagwidwa ndi magetsi, musamukhudze ndi manja, mungagwidwe naye limodzi. Thamangirani ku switchi yaikulu. Ngati ili kutali, mukankheni ndi mtengo wouma, inu mutaima pouma. Akapanda kupuma, wodziwa kupopa pachifuwa ayambe pomwepo pamene ena akufuna galimoto, ndipo ngakhale adzuke n'kunena kuti ali bwino, apite kuchipatala. Moto woyamba ndi magetsi usathiridwe madzi switchi yaikulu isanazimitsidwe. Mchenga wouma ndiwo wabwino. Waya wogwa pansi kunja muuyese wamoyo nthawi zonse: thamangitsani ana ndi ziweto, imani patali, dziwitsani a ZESCO. Aliyense wa m'banja, kuyambira mwana wokonzekera Ukaristia woyamba mpaka agogo, adziwe pamene pali switchi yaikulu ya nyumba.

Ntchito ya mwezi uno

Tikupempha banja lililonse kuti madzulo amodzi, Kolona itatha, likhale pansi ndi kope. Ana ayende m'nyumba kulemba ma-watt a chipangizo chilichonse. Agawe ndi 230, alembe ma-amp. Aphatikize zonse zimene zili pa soketi imodzi, aone ngati zapitirira 13. Achulukitse ma-watt ndi maola, apeze chimene chikudya mayuniti. Bambo atsegule mapulagi, atawazula pakhoma, aone ngati muli fyuzi yeniyeni ndi ngati masikuluwu ali olimba.

Pa msonkhano wa mphakati, atsogoleri afunse ngati pali nkhalamba, amayi amasiye kapena odwala amene nyumba zawo zili ndi mawaya osavala ndi masoketi osweka. M'mphakati uliwonse simulephera kupezeka wachinyamata amene adaphunzirako za magetsi. Fyuzi, pulagi ndi babu la LED si zinthu zodula tikasonkherana, ndipo kuziika m'nyumba ya gogo wokhala ndi adzukulu ndi ntchito yachifundo yofanana ndi kumupatsa ufa. Mutu umodzi susenza denga.

Mwezi wamawa, Mulungu akalola, tidzakambirana za madzi a m'zitsime zathu m'nyengo ya dzinja. Yosefe Woyera, mmisiri wa ku Nazarete ndi msungi wa Banja Loyera, atipempherere ife tonse ogwira ntchito ndi manja.